Chuku chakufa m'mabotolo a periwinkle: lipoti la zomwe tinachita ndi zomwe tinaona

Kaduwa ka periwinkle aliyense anakaonapo, ngakhale ambiri dzina lake sitilidziwa. Ndi kaja kapinki kapena koyera, kamene kamamera kuseri kwa nyumba, kumanda ndi m'ming'alu ya simenti popanda wokathirira. Kwawo ndi ku Madagascar, ndipo dzina lake la sayansi ndi Catharanthus roseus. M'masamba mwake ndi momwe mumachokera mankhwala awiri a khansa, vinblastine ndi vincristine. Vinblastine anaipeza Robert Noble ndi Charles Beer ku University of Western Ontario ku Canada, n'kuilengeza mu 1958. Iwo ankafufuza za tiyi wa masambawa amene anthu a ku Jamaica ankamwa pofuna kuchiza shuga, koma chimene anaona n'chakuti makoswe obayidwa madzi ake ankatha maselo oyera a m'magazi. Vincristine inatulukira ku kampani ya Eli Lilly ndipo inavomerezedwa ku America mu 1963. Kwathu kuno ndi amodzi mwa mankhwala amene madokotala amadalira pa ana odwala Burkitt lymphoma, khansa yotupitsa nsagwada kapena mimba ija, komanso pa Wilms tumour ya impso.

Chomerachi n'choumira. Chimapanga mankhwala achilengedwe otchedwa ma alkaloid oposa 130, koma awiri amene timawafunawa chimatulutsa pang'ono zedi, moti pamafunika masamba ouma pafupifupi theka la tani kuti mupeze galamu imodzi ya vinblastine. Apa ndi pamene panachokera funso la wophunzira wa digiri yachiwiri amene ndinapatsidwa kuti ndizimuthandiza pa benchi ya mu labotale. Anali atawerenga kuti ukalera maselo a chomera m'botolo n'kuthiramo zidutswa za chuku chakufa, maselowo amachulukitsa mankhwala. Anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye bwanji osangopanga vincristine m'mabotolo mommuno?"

Yankho ndinali nalo, koma ndinaona kuti ndi bwino alione yekha pa mbale ya TLC (mbale yolekanitsira mankhwala kuti aoneke ngati madontho) kusiyana n'kuti angolimva kwa ine. Lipotili ndi la ntchito imene tinagwira awirife.

Chifukwa chake chuku chakufa chimagwira ntchito

Chomera sichipangira ife mankhwalawa. Ambiri mwa iwo ndi zida zake zodzitetezera ku tizilombo ndi ku matenda, ndipo sichiwononga mphamvu kupanga zambiri ngati mdani palibe. Khoma la selo ya fangasi (gulu la chuku) limapangidwa ndi chitin ndi beta-glucan, zinthu zimene chomera chimazizindikira kuti si zake. Zidutswa zake zikangokhudza khungu la selo ya chomera, selo imaona ngati yaukiridwa. M'mphindi zochepa calcium amalowa mkati, madzi ozungulira selo amachepa asidi, selo imatulutsa hydrogen peroxide, kenako imapanga jasmonic acid amene amakadzutsa majini opanga mankhwala. Gulu la Meinhart Zenk ku Munich linaonetsa mu 1992 kuti jasmonic acid ndiye mthenga wa pakati pa zonsezi. Mu periwinkle majini awiri odziwika kuti amadzuka ndi a tryptophan decarboxylase ndi strictosidine synthase, ma enzyme a kuchiyambi kwa njira yopangira ma alkaloid, ndipo mu 2000 ofufuza a ku Leiden ku Netherlands anapeza puloteni yotchedwa ORCA3 imene imayatsa angapo mwa majini amenewa ikamva jasmonate (jasmonic acid uja).

Choncho chimene timathira si chakudya cha maselo ayi. Ndi mkuwo wabodza wakuti mdani wafika. Chimenechi ndi chimene pa ntchitoyi timachitcha elicitor, ndipo kuchimvetsa motere kumafotokoza pafupifupi chilichonse chimene chinationekera pambuyo pake.

Kulera maselo

Tinatenga masamba anthete pa zomera ziwiri, china cha maluwa apinki, china cha oyera. Tinawatsuka, kuwaviika mu ethanol wa 70 peresenti kwa theka la mphindi, kenako mu Jik wosungunula kwa mphindi 10, n'kuwatsukuluza katatu ndi madzi ophitsa mu autoclave, mphika wophera tizilombo ndi nthunzi. Tinawadula tizidutswa n'kutigoneka pa chakudya cha Murashige ndi Skoog, chija chinasindikizidwa mu 1962, chokhala ndi shuga magalamu 30 pa lita, pH 5.8, mahomoni a 2,4-D ndi kinetin. Patapita masabata angapo m'mbali mwa tizidutswa munayamba kutuluka callus, kamulu ka maselo kosakhala tsamba, kosakhala muzu. Tinkasankha yofewa, yachikasu chotuwa, yophwanyika ngati nsima yozizira ya mgaiwa, n'kutaya yolimba ndi yoderako. Yofewayo ndi imene tinaisamutsira m'chakudya chamadzi, mamililita 50 m'botolo la mamililita 250, pa makina ogwedeza, mumdima, pa madigiri 25.

Kuti madzi a m'botolo afike poterera bwino, opanda zibuma zikuluzikulu, zinatitengera miyezi. Tinkasefa ndi kusamutsa masabata awiri alionse. Gawo limeneli mulibe chosangalatsa, ndipo ndi limene ophunzira ambiri amagwerapo mphwayi.

Pali chinthu chimodzi chimene tinachita tisanakhudze chuku. Homoni ya 2,4-D imakulitsa maselo mwachangu koma imatsekereza kupanga ma alkaloid. Zimenezi zakhala zikudziwika kuyambira pa ntchito ya Zenk ya mu 1977. Ndiye tinachotsa 2,4-D n'kuika homoni ina yotchedwa NAA, n'kudikira kuti maselo asamutsidwe kangapo m'chakudya chatsopanocho. Wothira elicitor pa maselo okhuta 2,4-D amangotaya nthawi, kenako n'kulemba kuti njirayi siigwira.

Kukonza chuku, ndi ngozi ziwiri

Tinasankha Aspergillus niger, chuku chakuda chija chimamera pa anyezi. Chimakula msanga, ndipo makampani akhala akuchigwiritsa ntchito popanga citric acid kwa zaka zoposa 100. Wophunzirayo poyamba anaganiza zongotola chuku pa chimanga chovunda kapena pa mtedza. Ndinakana. Pamenepo nthawi zambiri pamakhala Aspergillus flavus, mwini wake wa poizoni wa aflatoxin, ndipo aflatoxin sathera pa kutentha kwa autoclave. Ngakhale niger yemweyo mitundu yake ina imapanga poizoni wina wotchedwa ochratoxin, n'chifukwa chake tinagwiritsa ntchito mtundu wodziwika wochokera kosungira kwa anzathu a za tizilombo.

Tinachilera kwa sabata imodzi mu potato dextrose broth, msuzi wa mbatatesi ndi shuga. Kenako tinasefa ulusi wake, kuutsuka kangapo ndi madzi, kuupera mu blender, kuuphika pa madigiri 121 kwa mphindi 20, n'kuuzunguza mu centrifuge, makina ozunguza kuti zolemera zikhale pansi. Madzi apamwamba ndiwo elicitor. Mphamvu yake tinaiyeza ndi njira ya phenol ndi sulfuric acid ya Dubois ya mu 1956, imene imakuuza kuchuluka kwa shuga wa m'makoma a fangasi poyerekeza ndi glucose. Popanda muyeso umenewu, mawu akuti "tinathira mililita imodzi" alibe tanthauzo, chifukwa mphika wa sabata ino ndi wa sabata yamawa safanana mphamvu.

Ngozi yoyamba inali yodzipalira tokha. Chukucho tinachilera m'chipinda chomwecho cha maselo, pa shelefu yapansi, poganiza kuti mabotolo ndi otseka. Njere za Aspergillus zimauluka ngati fumbi. Pasanathe sabata, mabotolo angapo a maselo anali ndi timipira toyera tozungulira, tsiku lotsatira takuda pamwamba. Chakudya chokhala ndi shuga magalamu 30 pa lita ndi phwando kwa chuku chamoyo. Maselo a periwinkle, amene amatenga masiku kuti achuluke kawiri, sangalimbane nacho. Tinataya mabotolo, kutsuka chipinda chonse ndi Jik ndi sipiriti, n'kuyambiranso pa callus imene tinasunga pa chakudya cholimba. Kuyambira pamenepo chuku chimakhala ku chipinda china, ndipo amene wachigwira tsiku limenelo salowa kwa maselo.

Yachiwiri inali ya magetsi. Anazima usiku wonse, jenereta sinadzuke, makina ogwedeza anaima. Maselo akakhala phee amamira pansi pa botolo n'kusowa mpweya. M'mawa anali akadali amoyo, koma tinataya gulu lonselo ngakhale wophunzirayo anadandaula. Maselo amene agona ndi njala ya mpweya akhala atavutitsidwa kale, ndipo sungathe kusiyanitsa zimene zachitika chifukwa cha chuku ndi zimene zachitika chifukwa cha usiku umenewo.

Mmene tinayesera

Tinathira elicitor pa milingo itatu, wochepa, wapakati ndi wochuluka, pa misinkhu itatu ya maselo: masiku oyambirira atangosamutsidwa, chakumapeto kwa kukula, ndi atasiya kukula. Muyeso uliwonse unali ndi mabotolo atatu. Oyerekezera anali a mitundu iwiri, ena othiridwa madzi okha, ena othiridwa msuzi wa mbatatesi wophika wopanda chuku. Achiwiriwa ambiri amawaiwala, koma ndi ofunika. Shuga wochuluka payekha amakweza ajmalicine, imodzi mwa ma alkaloid a periwinkle, monga Knobloch ndi Berlin anaonetsera mu 1980. Ngati ulusi wa fangasi sunatsukidwe bwino, ukhoza kusangalala kuti chuku chagwira ntchito pamene chagwira ndi shuga wotsalira wa msuzi.

Chizindikiro choyamba chinali chotchipa kwambiri. Tinaika pH mita (choyezera asidi; nambala imakwera asidi akachepa) m'kabotolo ka maselo, kudikira kuti nambala ikhazikike, n'kudontheza elicitor. Pasanathe theka la ola nambala inayamba kukwera pang'onopang'ono. M'kabotolo ka madzi okha sinasunthe. Wophunzirayo anangoti kukamwa yasa. Ine ndimakonda kuyesa kumeneku chifukwa kumakuuza tsiku lomwelo ngati mphika wa elicitor uli ndi mphamvu, usanawononge methanol ndi masabata.

Patatha masiku awiri tinasefa maselo, kuwaumitsa, kuwayeza kulemera, kuwaviika mu methanol, n'kupatula ma alkaloid ndi asidi kenako ammonia ndi ethyl acetate. Madzi a m'botolo sitinataye, tinawapatulanso paokha. Zonse tinadontheza pa mbale za silica pambali pa ajmalicine, serpentine (alkaloid ina ya periwinkle) ndi tryptamine (chopangira ma alkaloidwa) zogula zoyerekezera, n'kuziona pa nyali ya UV, kenako kupopera Dragendorff amene amadetsa ma alkaloid kukhala olenji.

Zimene zinatuluka

Mlingo wochuluka unapha maselo. Tsiku lotsatira mabotolo anali a mtundu wa tiyi wopanda mkaka. Tinadontheza Evans blue n'kuyang'ana pa maikulosikopu: maselo amoyo amakana utotowu, akufa amauyamwa, ndipo apa pafupifupi onse anali abuluu, atakwinyika. Zimenezi ndi zimene chomera chimachita m'munda, kupha maselo ozungulira pamene matenda alowera kuti asafalikire, timadontho toderako tija timaona pa masamba. M'munda amafa ochepa. M'botolo selo iliyonse imasamba m'madzi omwewo, ndiye iliyonse imadziona ngati ndiyo ili pa bala.

Mlingo wochepa sunaonetse kusiyana kumene tikanakutchula ndi mtima wonse. Wapakati ndi umene unagwira, koma pa msinkhu umodzi wokha.

Maselo aang'ono, othiridwa m'masiku oyambirira, anasiya kukula. Pa mbale dontho lawo la ajmalicine linali looneka bwino, ndipo wophunzirayo anafuna kulemba kuti apa ndiye pabwino. Ndinamuuza kuti ayang'ane kaye sikelo. Pa galamu imodzi ya maselo ouma mankhwala anali atakweradi, koma magalamuwo anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi mabotolo a madzi okha amene anapitiriza kukula. Ukawerengera pa botolo lathunthu, phindu limasungunuka. Apa ndi pamene malipoti ambiri amandikayikitsa: amalemba kuti mankhwala achuluka kangapo, osanena kuti maselo atsala angati. Wogula mankhwala sagula peresenti, amagula zimene zatuluka mu thanki.

Maselo okalamba sanayankhe bwino. Shuga anali atatha m'madzi, ndipo selo yanjala ngakhale imve mkuwo ilibe chopangira zida.

Chakumapeto kwa kukula, maselo atachuluka koma shuga akadalipo, ndi pamene dontho la ajmalicine linaposa la oyerekezera onse awiri, pa galamu ndi pa botolo pomwe, ndipo zinabwerezeka titayesanso ndi mphika wina wa elicitor. Gawo lina la mankhwalawo tinalipeza m'madzi, osati m'maselo. Tikanataya madziwo tikanaliphonya. Mabotolo ochepa amene tinawasiya pa kuwala anapereka serpentine wambiri, dontho lowala buluu pa UV moti sungaliphonye. Serpentine ndi ajmalicine yemweyo atasinthidwa ndi peroxidase mkati mwa selo, ndipo kuwala kumafulumizitsa zimenezi. Wofuna ajmalicine azisunga mabotolo ake mumdima.

Zonsezi ndi za maselo ochokera ku chomera cha maluwa apinki. Ochokera ku cha maluwa oyera anatidabwitsa. pH inakwera chimodzimodzi, kusonyeza kuti mkuwo anaumva, koma pa mbale chimene chinanenepa ndi dontho la tryptamine, ajmalicine sanasunthe. Sindikunena kuti mtundu wa duwa ndiwo unachititsa, chifukwa mizere iwiri ya callus yochokera pa tsamba limodzi ikhoza kusiyananso motere. Chifukwa chake chili m'njira yopangira. Strictosidine, kholo la ma alkaloid onsewa, amapangidwa polumikiza zinthu ziwiri, tryptamine ndi secologanin. Chuku chimadzutsa mbali ya tryptamine mosavuta, koma ngati selo siikupanga secologanin wokwanira, tryptamine amangounjikana, ngati njerwa pa malo omanga pamene simenti palibe. Gulu la Robert Verpoorte ku Leiden linaonanso zofanana m'zaka za m'ma 1990 pogwiritsa ntchito kachilombo kofanana ndi chuku kotchedwa Pythium aphanidermatum: maselo awo anachulukitsa tryptamine ndi 2,3-dihydroxybenzoic acid, ma alkaloid osakwera. 

TLC imaonetsa kuti dontho ili laposa ilo, siipereka nambala yodalirika. N'chifukwa chake mu lipotili sindikutchula kuti mankhwala anachuluka kangati. Zitsanzo zouma tazisunga mu firiji kudikira mpata pa makina a HPLC, amene amayeza kuchuluka kwa mankhwala molondola.

Nanga vincristine?

Panalibe. Panalibenso vinblastine, ngakhale vindoline, pa mlingo uliwonse. Wophunzirayo anabwereza mbale katatu poganiza kuti walakwitsa popopera.

Sanalakwitse. Vinblastine imapangidwa polumikiza catharanthine ndi vindoline. Catharanthine maselo a m'botolo amatha kupanga, koma vindoline imafuna tsamba lenileni. Njira yake imayambira m'maselo ena a pafupi ndi mitsempha ya tsamba, kupitirira m'khungu la tsamba, n'kukathera m'maselo apadera otchedwa idioblast ndi laticifer, ndipo magawo omaliza amafuna kuwala. Callus ilibe khungu, ilibe mitsempha, ilibe maselo apaderawo. Mkuwo ukhoza kufulumizitsa ntchito imene selo ikuidziwa kale, koma sungaiphunzitse ntchito ya selo ina.

Si periwinkle yekha. Ku Saskatoon ku Canada, Eilert, Kurz ndi Constabel anathira zidutswa za chuku cha Botrytis pa maselo a popi, Papaver somniferum, n'kulengeza mu 1985 kuti maselowo anadzaza alkaloid yotchedwa sanguinarine. Morphine, amene aliyense ankamufuna, sanatuluke, chifukwa nayenso amadalira maselo apadera a utomoni. Kumene kulera maselo kwafika pa malonda ndi kumene selo wamba imatha yokha njira yonse. Kampani ya Mitsui Petrochemical ku Japan inayamba kupanga utoto wofiira wa shikonin kuchokera ku maselo a Lithospermum erythrorhizon mu 1983. Phyton Biotech ku Ahrensburg ku Germany imalera maselo a mtengo wa Taxus m'mathanki a malita 75,000 kupanga paclitaxel, mankhwala ena a khansa. Pa Taxus pomwepo, ofufuza a ku Japan anaonetsa mu 1996 kuti methyl jasmonate, mtundu wa jasmonic acid uja, imakweza paclitaxel kwambiri, ndipo kuyambira pamenepo ambiri anaona kuti m'malo mopera chuku n'kwabwino kungothira mthenga weniweniyo, amene amayezeka pa sikelo ndipo wa lero amafanana ndi wa chaka chamawa.

Ine chuku sindinachitaye mtima. Methyl jasmonate ndi wa kuitanitsa kunja, ndi ndalama zakunja, n'kudikira miyezi. Aspergillus amakula pa msuzi wa mbatatesi. Komanso zidutswa za fangasi zimadzutsa njira zingapo nthawi imodzi, osati ya jasmonate yokha, choncho kwa wofufuza amene akufuna kudziwa zimene chomera chingathe kupanga, ndi chida chabwino. Koma kwa wofuna kupanga mankhwala oti abayidwe mwana, mphika wosafanana mphamvu komanso wotheka kukhala ndi poizoni wa chuku ndi katundu wolemetsa pa nthawi yoyeretsa. Ndipo pa vinblastine yeniyeniyo, mpikisano wasamukira kwina: gulu la Sarah O'Connor ku John Innes Centre linapeza ma enzyme omaliza osowa mu 2018, ndipo mu 2022 gulu la Jay Keasling ku Denmark linalengeza yisiti yosinthidwa malo 56 imene imapanga catharanthine ndi vindoline yokha.

Pamene ntchito yaima

Patapita miyezi ingapo ya kusamutsa, mzere wathu wabwino uja unayamba kufooka. Mlingo womwewo, msinkhu womwewo, dontho lozilala. Maselo olera m'botolo amasintha pakapita nthawi, ndipo okula msanga, amene nthawi zambiri sapanga mankhwala ambiri, amaphimba anzawo. Makampani amasunga mizere yawo mu nayitulojeni wamadzi. Ife tilibe, ndiye tinabwerera ku callus yakale ya pa chakudya cholimba n'kusankhanso timagulu towala buluu pa UV.

Ajmalicine si wopanda ntchito; ku Ulaya wakhala akugwiritsidwa ntchito pa matenda a kayendedwe ka magazi. Wophunzirayo wasintha mutu wa kafukufuku wake kuchoka pa vincristine kupita pa ajmalicine ndi serpentine, ndipo chotsatira chimene akuyesa ndi kudyetsa loganin (chimene selo imapangira secologanin) maselo a maluwa oyera aja nthawi imodzi ndi elicitor, kuti tione ngati tryptamine wounjikanayo angapeze mnzake. Pa shelefu ina tadzala mphukira zamasamba m'mabotolo owala, chifukwa mphukira zili ndi idioblast. Zimakula pang'onopang'ono, ndipo sitinazithirebe chuku.